Mawu Awiri Amene Ndinachotsa

LOLEMBA, sabata yachiwiri ya Juni

Chiwerengero cha lero:

Ophunzira Chingerezi m'kalasi mwanga chaka chitangoyamba: 19
Abwera lero: 8
Athawira kwa aNaGama: 11
Ophunzira onse a aNaGama: 21
Zaka zanga pa choko ndisanapume: 36
Zaka za aNaGama pa choko: 22
Zipinda zophunzirira kuseri kwa tchalitchi: 1
Kiyi wa chipindacho: 1, ndipo ali m'chikwama mwanga
21 kuchotsa 8: 13. Ndawerengera kawiri. Sizikusintha.

Kukuzizira. Nkhungu yakhala paphiri mpaka masana.

Dzulo itatha Misa komiti ya tchalitchi yalengeza: chipinda ndi chimodzi, makalasi a Chingerezi cha akuluakulu ndi awiri. Loweruka adzawerenga mitu. Amene ali ndi anthu ambiri atenga kiyi Lamulungu. Kiyi amene ndamusunga zaka zisanu ndi ziwiri osamutayapo!

Olengeza ndi mkulu wa komiti, bambo amasiye oyenda ndi ndodo aja. Mudzi wonse umawatchula a Tcheya. Ine ayi. Ine ndimati a Wapampando. Chichewa chili ndi mawu akeake, ndipo Chingerezi chodula mchira sichidutsa pakamwa panga.

Za aNaGama. Anabwera chaka chatha kuchokera ku Blantyre atapuma ntchito. Foni yaikulu ngati mbale. Magalasi a tcheni. Nsapato, zimene ndaziona ndi maso anga, mapeyala asanu. Amaphunzitsa panja, pansi pa mtengo wa paini, pafupi ndi zenera langa, nthawi yofanana ndi yanga. Alibe bolodi. Alibe rejisitala! Koma anthu awo amaseka. Lero aseka ka 14. Anga atsokomola ka 9.

Ine ndimaphunzitsa maziko. Aneni ndi nthawi zake. Go, went, gone. Amayi ogulitsa kachewere pamsewu ku Chimbiya akufuna kuyankha apaulendo, ena akufuna kuwerenga mauthenga a zidzukulu za ku Joni. Adzayankha bwanji opanda aneni?

Ndawafunsa aNaPhiri, wophunzira wanga wamkamwa kuposa onse, kuti pansi pa mtengopo pali chiyani. Akuti: "Amawawerengera tinkhani, Madamu. Tatifupi ngati mchira wa mbuzi. Ndiye amafunsa kuti chachitika n'chiyani, aliyense amanena zake. Palibe wolakwa."

Palibe wolakwa! M'kalasi!

Dongosolo la sabata ino:
1. Kumva kankhani kawo kamodzi ndi makutu anga.
2. Kulemba kanga, kabwino kuposa kawo, kakafupi kuposa kawo.
3. Kubweza anthu anga 11.
4. Kiyi asachoke m'chikwama.

LACHIWIRI

Anga: 8. A aNaGama: 22. Wawonjezekayo ndi mlamu wa katekisiti, munthu wosadziwa ngakhale A.

Ndatsekula zenera ngakhale mphepo ikulasa m'mafupa. Ndawauza anga kuti m'chipinda mukufunika mpweya. Ndawapatsa aneni 20 oti akopere, ine ndaima pazenera ngati ndikuyang'ana mitambo.

Kankhani ka lero, akuti akachotsa pa foni:

He bought two cups at the market. He lives alone. He smiled.

Basi! Mawu 12. Bambo wagula makapu awiri kumsika, amakhala yekha, wamwetulira. Chiyambi palibe, phunziro palibe, munthuyo alibe ngakhale dzina. Kukanakhala kuchonga, 2 pa 10.

Zimene ophunzira awo amvamo:
1. Akufuna kukwatira. Anena zimenezi ndi anthu asanu ndi mmodzi.
2. Ukagula awiri amakutsitsira.
3. Imodzi ya tiyi, ina ya kachasu.
4. Wazungulira mutu. Munthu wabwinobwino samwetulira yekha pamsika.
5. Inayo ndi yoyezera mchere, akuyamba geni.
6. Mkazi anathawa ndi ziwiya zonse.

Funso limodzi, mayankho asanu ndi limodzi, ndipo aNaGama onsewo akuti "Very good!" Pa yankho loyamba achita kuseka mpaka kuvula magalasi. Sindikuona choseketsa.

Potembenuka ndapeza anga onse 8 asiya kulemba, makutu ali kuzenera. Mayi Asiyatu a golosale ya pamsewu, amene sanajombepo chiyambire, akunong'ona: "Inayo ndi ya mlendo. Munthu sakhala ndi kapu imodzi." Ngakhale iwo!

Madzulo, patebulo. Nkhani yoyamba, ya mtsikana womvera makolo: mawu 340. Ndaidula mpaka 90. Yafa. Yachiwiri, ya mlimi wakhama: yafa isanabadwe.

Kenaka yakwana nthawi yopukuta mpando. Mpando wa malemu amuna anga, wa mlombwa, umene anawakhomera kalipentala wa ku Boma chaka chimene malemuwo anakhala mphunzitsi wamkulu. Zaka zisanu ndi zinayi palibe wakhalapo. Ndimaupukuta dzuwa likamalowa, tsiku lililonse. Zidzukulu zimadziwa kuti pamenepo sipayandikiridwa. Kansalu kali m'manja, nkhani yabwera yokha:

Every evening she wipes her late husband's old chair. Nobody else comes near.

Ndaiwerenga mokweza. Ndi yabwino, ndipo ndikudziwa kuti ndi yabwino.

Koma mawu 13. Ya aNaGama 12. Sindingalole.

Ndafufuta awiri, aja onena kuti mpandowo ndi wa malemu. Wowerenga wanzeru azindikira yekha. Si ndiye luso lake limenelo?

Tsopano 11. Ndapambana ndi 1!

LACHITATU

Anga: 8. A aNaGama: 22.

Ndalemba pabolodi ndi choko chatsopano, ndi rula, zilembo zoongoka:

Every evening she wipes her old chair. Nobody else comes near.

Ndamasulira mawu ovuta awiri okha: wipes, kupukuta, ndi near, pafupi. Enawo akuti akuwadziwa.

ANaPhiri awerenga mokweza: "Evule ivining'i shi waipusi ha olodi tcheya." Ndakonza mawu anayi. Omaliza okha awatchula bwino, ndipo onse 8 awabwereza mosavuta. Koyamba m'mbiri ya kalasi ino.

Kenaka zii. Chete weniweni. Kwa aNaGama sikukhala chete wotero. Iwo anthu awo amayamba kubwebweta nkhani isanathe, anga akulingalira.

Funso loyamba, aNaPhiri: "Madamu, shi ameneyu ndi ndani?"

Pansi pa mtengo paja akanayankhidwa kuti, inu mukuganiza kuti ndi ndani? Ine si wa chibisabisa. Funso lili ndi yankho lake. Ndawauza kuti ndine. Kuti ndi nkhani yoona, ya m'nyumba mwanga, madzulo aliwonse, zaka zisanu ndi zinayi.

ANaPhiri: "Zaka naini! Ife osadziwa!"

Mayi Asiyatu adziphimba pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Yawakhudza. Nawonso anaferedwa mchemwali wawo chaka chatha.

Ndawafunsa kuti amvamo chiyani. Ndinakonzeka kulemba mayankho pabolodi, ndi manambala, ndi kusonyeza lolondola. Palibe wofuna kunena. Akungoti: "Tamva, Madamu. Tamvetsa bwinobwino." Zaka 36 palibe kalasi inanenapo zimenezi mwamsanga chotere.

Onse akopera. Atatu akopera kawiri. Mmodzi wapempha pepala lina, akuti la apongozi ake.

Kuseka lero: kwanga ka 6, kwa aNaGama ka 11. Mpata ukuchepa!

Pobwerera kunyumba ndakumana ndi a Wapampando pafupi ndi mjigo. Ameta ndevu, avala chipewa chatsopano. Pa msinkhu umenewo! Tapatsana moni. Ndawauza kuti Loweruka abwere okha, asatume munthu, adzaone ndi maso awo. Ophunzira anga awiri amene amabwera m'mbuyo aima chiriri pakati pa njira mpaka tasiyana. Ulemu umenewu sauphunzitsa pansi pa mtengo.

LACHINAYI

Anga: 27!
A aNaGama: 9!
27 kuchotsa 9: 18, ndipo ali mbali yanga!

Othawa aja abwerera onse 11, ena awiri a aNaGama ajomba. Ena 8 ndi achilendo: amayi a kwaya anayi, wakabaza mmodzi, agogo ena osamva bwino amene achita kuwagwira dzanja, ndi awiri ochokera kutsidya kwa Kasina. Mabenchi achepa. Ena akhala pazidebe. Pansi pa mtengo pali bata ngati pamaliro. Ndatsekula zenera lonse kuti aNaGama amve bwino.

Aliyense ali ndi funso. Ndaika lamulo: funso lililonse m'Chingerezi. Anthu amene miyezi isanu akhala akukana kutsekula pakamwa, lero akulimbirana!

"Madam, how old is your chair?" Ndayankha kuti ndi wakale kwambiri koma ngwolimbabe. Aombera m'manja.

"Is he heavy?" Ndakonza: it, osati he. Ndayankha kuti inde, ndekha sindinyamula kawirikawiri.

"The leg, Madam?" Ndadabwa kuti adziwa bwanji. Zoonadi mwendo umodzi ndi wofooka. Ndawauza kuti Loweruka lililonse ndimaupaka mafuta. Wakabaza watuluka panja, akuti watsamwa.

"Where does he sleep?" Mpando sugona. Ndalemba pabolodi mneni woyenera, stay. Ndawafotokozera kuti nthawi ya dzinja pabalaza pamadontha, ndiye ndimalowetsa kuchipinda. Amayi a kwaya ayang'anana. Mmodzi wachita chizindikiro cha mtanda.

"Your children, they know?" Akudziwa. Woyamba uja anati ndingotaya, ndipeze watsopano. Ndinakana. Agogo osamva aja atawanong'oneza yankho anena mokuwa: "Mwachita bwino! Atsopanowa sakhalitsa!" Mayi wanzeru. Mipando ya pulasitiki ya masiku ano imathyoka chaka chisanathe.

Ndakonza he kukhala it kasanu ndi kawiri. Sakugwira. ANaPhiri ndawamva akuuza mnzawo: "Mpaka kuwatchula iti! Chikondi cha ophunzira n'china." Sindinamvetse, koma mawu oti chikondi ndi oona. Nkhani yanga ndi ya chikondi.

Kuseka: kwanga ndalekera pa 30. Kwa aNaGama ka 2, ndipo kamodzi amaseka zochokera kwanga.

Poweruka aNaGama adutsa pakhomo osandiyang'ana. Nsapato za lero: zofiira. Nkhope: yakugwa. Ndawapatsa moni ine, mokweza, ndi ulemu wonse.

Ndagula mabanzi awiri pa golosale ya Mayi Asiyatu, limodzi la lero, lina la mawa. Akuti: "Awiri okha? Atatu bwanji, ena amadya kwambiri." Aika lachitatu laulere. Anthu akakonda mphunzitsi!

LACHISANU

M'mawa. Ndikusesa pakhomo, odi. ANaGama! Pakhomo panga, koyamba chibwerere. Ndaganiza kuti adzapempha kuti tigawane ophunzira. Yankho ndinalikonza kale Lachinayi.

Ayi. Akhala pamkeka, ayang'ana pabalaza, aona mpando. Akuti: "Ndi umenewu eti, Amayi? Wa malemu aphunzitsi aakulu? Nkhani yanu ndinaiwerenga papepala la wophunzira wina. Ndinalira. Ilibe mawu oti imfa koma imfa ilimo yonse."

Munthu mmodzi yekha waimva nkhani yanga monga ndinailembera, ndipo ndi ameneyu! Bwanji osakhala wina aliyense?

Kenaka afunsa: "Ndi mpando basi, eti?" Ndati inde. Tacheza za kuzizira. Afunsanso: "Mpando weniweni, wa matabwa?" Potsanzika afunsanso kachitatu. Katatu! Munthu wa magalasi a tcheni, mpando ali kuuona.

Ndiye anena. Kumsika, kumjigo, kuchigayo, m'minibasi ya ku Boma, nkhani ndi imodzi: Madamu alemba okha pabolodi kuti madzulo aliwonse amawapukuta a Tcheya awo okalamba, ndipo mkazi wina asayandikire.

Chair. Tcheya.

Ndakhala pansi ndi tsache m'manja.

Ndabwereza m'mutu mayankho anga a dzulo, limodzilimodzi:
Ngokalamba koma ngolimbabe.
Mwendo umodzi ndi wofooka, ndimaupaka mafuta.
Dzinja ndimalowetsa kuchipinda.
Ana anati nditaye ndipeze watsopano, ndinakana.
Mayo ine!

Ine, wa zaka 71, wa bungwe la amayi, amene sindinawatchulepo bambo amenewo ndi dzina lodula mchiralo ngakhale kamodzi!

Masana. Anga: 38. A aNaGama: 6. Chiwerengero chimene ndinachipempherera, ndipo sindingathe kuchiyang'ana.

Ndabwezera mawu awiri aja pamalo pake, ndi choko chofiira, ndi mzere pansi: her late husband's old chair. Ndafunsa kuti tsopano amva chiyani.

1. Mayi Asiyatu: late ndi kuchedwa. Mwamuna akachedwa kubwera, a Tcheya amabwera.
2. Ndafotokoza kuti late pano ndi malemu. ANaPhiri: "Ndiye kuti malemu anachita kuwasiyira! Paja anali pa chinzake. Zalongosoka, Madamu, palibe tchimo."
3. Wakabaza: choko chofiira ndi chenjezo kwa amayi ena.
4. Amayi a kwaya akufuna kudziwa tsiku, kuti ayambe kukonzekera nyimbo.

Ndanena m'Chichewa, momveka, katatu: mpando, wokhalapo, wa miyendo inayi. Agogo osamva aja: "Iwiri yawo, ndodo, ndi inuyo. Inayi!"

Ndawerenganso nkhani yanga. Mawu 11, onse olondola, palibe cholakwa ngakhale kadontho. Pakati pa mawuwo pali mipata 10. M'mipata imeneyo mwalowa mudzi wonse ndi nsapato zomwe.

Za aNaGama nazonso zili ndi mipata. Bwanji iwo m'mipata mwawo mumalowa mchere ndi kachasu, mwanga mukulowa a Wapampando?

Dongosolo latsopano: mawa ndipita nawo mpandowo. Chimene munthu waona ndi maso sangachimasulire.

LOWERUKA

Ndausenza ndekha. Wakabaza anadzipereka, ndakana. Palibe wina amaugwira. Nkhata pamutu, mpando pankhata, chitenje pamwamba kuti fumbi lisaufike. Ndapuma kanayi pachitunda. Khosi lidzandikumbutsa mpaka Khirisimasi.

Ndafika onse asanabwere. Ndauika kutsogolo, pafupi ndi khomo, wofunditsidwa chitenje changa cha bungwe.

Dongosolo:
1. Kulemba chiganizo pabolodi.
2. Kutembenuka.
3. Kuloza ndi rula.
4. Onse abwereze.
5. Kuvundukula chitenje. Nkhani ithe.

Anga: 44. Ena pazenera, ena pakhomo, ana pamsana sindinawawerenge. A aNaGama: 5.

Ndayamba kulemba. Ine polemba pabolodi sinditembenuka, mzere umapindika. Ndili pakati, phokoso lonse lazima. Ndati mumtima, mwambo wabwerera.

Chimene sindinachione: a Wapampando alowa ndi mlembi wa komiti kudzawerenga mitu, monga ndinawaitanira ndekha Lachitatu. Akwera chitunda ndi mwendo wawo uja. Mabenchi odzaza. Aona mpando kutsogolo, woyalidwa chitenje ngati wa mlendo wolemekezeka. Akhala.

Ine ndamaliza kadontho, ndakweza mawu ndisanatembenuke, monga ndachitira zaka 36: "Look, all of you! This is my old chair! Repeat!"

Rula yaloza pachifuwa pa a Wapampando.

Pakamwa 44: "This is my old chair!" Sanatchulepo chiganizo momveka chotero chiyambire. Nthungululu. Wina wayambitsa nyimbo.

A Wapampando Chingerezi chawo chinathera pa good morning. Avula chipewa, akumwetulira mbali zonse, akuganiza kuti ndi malonje.

Ine sindinaonenso anthu. Ndaona munthu pampando wa malemu. Ndakuwa kuti adzuke, pamenepo sipakhala munthu. Ndatulutsa kansalu m'thumba, manja achita okha zimene amachita tsiku lililonse, ndathamangira kupukuta pogwirira pamene aika dzanja. Dzanjalo anali asanalichotse.

Ndapukuta dzanja la a Wapampando. Kamodzi kokha. Mboni: 44, kuphatikizapo mlembi 45.

ANaPhiri: "Masana omwe! Nkhani ija imati madzulo!"

A Wapampando: "Kodi ndalakwa chiyani, Amayi?" Mlembi wawanong'oneza. Zatenga nthawi, chifukwa anayambira Lachitatu. Ndaona makutu awo akusintha mtundu. Ayang'ana kuzenera. Pazenera panali aNaGama, magalasi ali m'manja, osaseka. Munthu mmodzi yekha wosaseka m'bwalo lonse. Ngakhale pamenepa andiposa khalidwe.

Mlembi walemba: 44 ndi 5. Walemba bwino, ndaona.

Mpando ndabwerera nawo ndekha. Ndapuma kasanu ndi kamodzi. Mwendo wofooka uja sunathyoke. Munthu wamkulu thupi ngati ameneyo!

Komabe 44 ndi 44. Lamulo ndi lamulo. Kiyi ndi wanga. Ndidzawaphunzitsa aneni mpaka aiwale.

LAMULUNGU

M'tchalitchi mwadzaza ngati Pasaka. Ndakhala pamalo panga. Mitu yotembenukira kwa ine nthawi ya ulaliki: sindinawerenge. Ndikunama, 17.

Itatha Misa mlembi wawerenga: 44 ndi 5. Ndayamba kukonza mpango.

Ndiye aimirira a Wapampando. Akuti: "Abale, chiwerengero mwachimva. Koma pali zokambakamba. Ndikapereka kiyi kwa Amayi aphunzitsi aakulu, mudzati ndakondera. Komiti yaona kuti kiyi apite kwa aNaGama, amene palibe angandinene nawo."

Mpingo wonse wagwedeza mutu. Kumbuyo kwanga wina akuti: "Bambo achilungamo. Mpaka kumana wawo yemwe!"

Ndapambana ndi 39, ndaluza chipinda.

Kiyi anati ndikasiye kunyumba kwawo tikadya. Ndapita dzuwa lili pamutu, njira ya pakati pa mudzi, kuti aliyense aone kuti sindikubisala. Ndamuchotsa pa chingwe chake ndili m'njira. Chingwecho ndi changa.

Pakhonde la a Wapampando ndapeza aNaGama. Nsapato peyala yachisanu ndi chimodzi, sindinaionepo. Patebulo tiyi. Makapu awiri atsopano, a maluwa abuluu, kapepala ka kumsika kakadali kunsi. Ine andithirira m'kapu yachitatu, yakale, yobenthuka mlomo.

Makapu awiri. A Wapampando amakhala okha. Akumwetulira.

Kankhani ka Lachiwiri kaja sikanachoke pa foni.

Ndayang'ana makapu, ndayang'ana aNaGama. ANaGama ayang'ana makapu, ayang'ana ine, avula magalasi ndi kuyamba kuwapukuta. A Wapampando amafuna kudziwa ngati shuga wakwana.

Choncho: aNaGama analemba za a Tcheya enieni, anawerengera anthu 22 poyera pansi pa mtengo, asanu ndi mmodzi anati bamboyo akufuna kukwatira, ndipo palibe anafunsa kuti ndani. Ine ndinalemba za mpando wa mlombwa, ndakwatiwa ndi mudzi wonse. Ndipo kiyi wapita kwa amene palibe angawanene nawo!

Bambowo sindikuwafuna. Amamwa tiyi mokoka ngati mpope. Ndikungolemba kuti makapuwo ndi okongola.

Pondiperekeza aNaGama akuti: "Amayi, anthu aja aneni sakuwadziwa, ine sindiwatha. Muzibwera Lachinayi. Ndipo muzitilembera kankhani sabata iliyonse. Yanu ija inaposa yanga." Ndati ndiganiza. Za makapu sindinanene, ndipo sindidzanena. Mudzi uwerenge wokha, si umadziwa kuwerenga?

Lachinayi ndipita. Aneni sangasiyidwe m'manja mwa munthu amene yankho lililonse amati very good.

Dzuwa likulowa ndatenga kansalu. Ndaima. Mpando wakhalidwa kale, denga silinagwe. Malemu akanaseka mpaka kutsokomola, ndipo akanandifunsa kuti mawu awiri aja ndinawachotseranji. Ndabweza kansalu m'thumba, ndakhalapo ndekha. Koyamba. Ndi wabwino kumsana. Ukakhala pamenepa umaona msewu wonse mpaka pa mjigo. N'chifukwa chake ankadziwa za aliyense.

Chiwerengero chomaliza:

Mawu m'nkhani yanga: 11
Olakwika: 0
Amene ndinachotsa kuti ndipose aNaGama: 2
Ophunzira amene ndinapeza: 44
Amene tsopano amasiyanitsa he ndi it: 0
Zipinda: 0
Makiyi: 0
Chingwe cha kiyi: 1
Amuna amene mudzi wandipatsa: 1
Amuna amene ndili nawo: 0
Makapu anga atsopano: 0
Anthu amene akhala pampando wa malemu: 2
Amene anamvetsa nkhani yanga: 1, aNaGama
Amene anamvetsa nkhani ya aNaGama: 1, ine
1 kuchotsa 1: 0. Ndawerengera kawiri.

E. NaMbewe
Mphunzitsi wopuma, wa Lachinayi lokha